Mbale za Munthu Wina Zinandipitirira

Aleluya, abale ndi alongo. Dzina langa ndine Yotamu, msilikali. Ndinakulira konkuno ku Kafue Estates, atate anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji.

Ine ndinali wamatama. Mowa ndinkamwa, inde, koma matama ndiwo anali matenda anga enieni. Ndinali ndi chibwenzi, Mutinta, mtsikana wa ku Chanyanya amene ankagulitsa nsomba pamsika. Tinakondana zaka ziwiri, koma kwawo sindinapondeko phazi.

Dzina langa litatuluka kuti ndikaphunzire usilikali, amalume anandiitana. Anati, "Iwe Yotamu, usanapite tinyamule mbale zofunsira ukwati tikaonekere kwa makolo a mwana uja. Mkazi sasungidwa ndi mawu a pamsewu." Ndinaseka. Ndinati ndidzakaonekera nditavala yunifolomu, Chanyanya yonse idzaime kundiyang'ana. Amalume anangopukusa mutu.

Ku kampu anatilandira ndi lumo. Tsiku loyamba lomwelo anatimeta mpala, mafoni onse anaponyedwa m'thumba limodzi, thumbalo n'kutsekeredwa. Ba Sajeni anandipatsa mfuti, nati, "Kuyambira lero mkazi wako ndi uyu. Winayo muiwale."

Koma mtima sumva lamulo la ba Sajeni. Wezulo ikalira m'mamawa tinkathamanga titasenza chipika, ine maganizo ali pa Mutinta. Tinkakwawa m'matope mpaka zigongono kusupuka. Nshima ndi nyemba zosapsa tinkameza choimirira, wina akukuwa kumbuyo kuti nthawi yatha. Popukuta nsapato ndinkayankhula ndekha, kumuuza Mutinta zonse za tsikulo, anzanga mpaka anati ndayamba misala. Ndinamusowa, abale. Ndinamusowa koopsa, ndipo panalibe njira yomuuzira.

Patapita miyezi anatilola kulandira alendo. Kunabwera mlongo wanga wamkulu, ba Esinati. Nditangoona nkhope yawo ndinadziwa kuti sikuli bwino.

Anati, "Yotamu, kwa Mutinta kunabwera mbale. Za mwamuna wa ku fakitale ya feteleza. Atate ake analandira."

Ndinati, "Nanga Mutinta anati shani?"

"Analira. Anawauza kuti ali naye kale munthu. Atate ake anati, munthu wake uti? Ndani anamuonapo pakhomo pano?"

Mayo ine! Ndinakhala pansi ngati thumba la makala. Ndinapempha ba Esinati kuti akauze amalume athamangeko, koma anati amalume anapitako kale, anawabweza. Mbale zikalandiridwa, zalandiridwa. Ndinapita kwa ba Sajeni kupempha masiku awiri chabe. Anandifunsa kuti kwathu wamwalira ndani. Ndinati palibe. Anati, "Ndiye bwerera pamzere."

Ndinali ndi mfuti m'manja, ndinkatha kuiphwasula ndi kuimanganso nditatsinzina, koma sindikanatha kuletsa ukwati wa mkazi wanga. Chakudya chinasiya kutsika. Pa perete ndinkatembenukira kumanzere ena akupita kumanja, zilango n'kumandigwera tsiku ndi tsiku.

Lamlungu lina masana anatituma kukatola nkhuni. Ndinasiya anzanga, ndinalowa m'thengo. Ndinati ndithawa basi, ndikafike ku Chanyanya, chichitike chichitike. Ndinayenda mpaka ndinafika pamsewu waukulu, minibasi zikudutsa pamaso panga.

Ndipo pamenepo mutu unabwerera. Ndikafika ngati ndani? Msilikali wothawa, amene adzamutsatira kudzamumanga pamaso pa anthu? Ndi bambo uti angabweze mbale za munthu wantchito chifukwa cha wothawa? Kupita kunalibe phindu, kukhala kunalibe phindu. Manje ndichite chiyani?

Ndinagwada mu udzu. Sindinkadziwa kupemphera. Ku kampu kunali anzathu ena omwe ankapemphera pansi pa mtengo, ine ndinkawatcha ba Pasita powanyoza. Ndinangoti, "Yesu, ndalephera. Ndawononga ndekha. Ndilibe chochita." Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi pamodzi.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindingakunamizeni. Koma chinthu chimene chinkandifinya pachifuwa chinamasuka, ndipo ndinatha kuimirira. Ndinabwerera ku kampu mochedwa, wopanda ndi nkhuni imodzi yomwe. Anandigubuduza m'matope mpaka dzuwa kulowa. Lamlungu lotsatira ndinakakhala pansi pa mtengo uja, ndipo anthu omwe ndinkawanyoza anandisendera malo. Kumeneko ndinapereka moyo wanga kwa Ambuye.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti Mulungu anandibwezera Mutinta. Ayi, sanandibwezere. Nditamaliza maphunziro ndinamupeza atakwatiwa. Tinakumana pamsika, iye ali pabenchi yake ya nsomba. Anandiyang'ana nati, "Ba Yotamu, ndinakudikirani mpaka mphamvu zinatha." Ndinati, "Wolakwa ndine, undikhululukire." Ndinachoka osacheuka, chifukwa maso anali atadzaza.

Yotamu wakale akanapita kubawa tsiku limenelo, kenako kukasaka mwamuna uja ndi zibakera. Ine ndinabwera m'tchalitchi muno, ndinakhala pabenchi yakumbuyo uko mpaka mtima unatsika. Mowa sindinaulawenso. Zimawawabe, sindibisa. Masiku ena ndimazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pamsika.

Koma ndili moyo, sindili m'ndende, ndipo sindinapweteke munthu. Ameneyo ndi Yesu, si ine. Alemekezeke!

Ndikudziwa kuti muno muli wina amene anawononga chinthu ndi manja ake, ndipo sichingakonzekenso. Mwayesa uku, mwayesa uku, zakanika. Musadikire kuti muyambe mwalimba. Bwerani kutsogolo kuno momwe mulilimo, tigwade limodzi. Ngati mawu akusowani, ndikubwerekani anga: Yesu, ndalephera.