A Ajibu Asapunthwe

Lachinayi limenelo ndinayala mabedi a nsanjika yonse ku hotelo ku Al Dafna, mu mzinda wa Doha, kupopera mankhwala pa zitseko, kuchapa yunifomu, kenako kumanga katundu wa mwana wathu Fanny: nsapato za kusukulu, juzi, ndi foni ya agogo ake yoti tizimuona akamalankhula. Ndege zinali zosowa chifukwa cha korona. Wopita kumudzi anali mmodzi yekha, a Ajibu, mlonda mnzawo wa amuna anga, ndipo anavomera kutinyamulira akangopambana tesiti ya korona ya Loweruka.

Madzulo ndinakumana ndi amuna angawo, a Macfussy, pa shopu ya tiyi ku Al Muntazah, poti aliyense amagona ku nyumba za kampani yake. Asanatsitse n'komwe maski, anandiuza kuti mawa anyamata akukathamanga ku Zekreet, m'chigwa cha miyala pakati pa chipululu, tsiku lonse. Ati kutsanzikana ndi a Ajibu.

"Nawonso akuthamanga?"

"Ndiwo akutsogolera. Koma ndikawapitirira, mumva."

Ndinafunsa kuti apita bwanji. Anati pa galimoto imodzi, onse, wina pa miyendo ya mnzake ngati minibasi ya ku Ndirande. Za maski anaseka, ati munthu sangathamange atatseka mphuno.

"Nanga wina akatsokomola m'galimotomo?"

"Amake Fanny, chifuwa ichi," anadzimenya pamtima, "korona amachiopa."

"Miyalayo ndi yoterera?"

"Ndi yakuthwa. Pena timakwera chokwawa, m'munsi muli phompho. Koma ine ndinakulira ku Mulanje."

"Munthu wothyoka mwendo amamulola kukwera ndege?"

Anandiyang'ana mwachifundo. Anati ndisafike poganiza za ndege, chipatala chili konkuno, ambulansi imakwana.

Ndinati ulendowo ulephereke. Anayika kapu pansi, nakweza chala. Anati malamulo asintha m'dziko muno, masiku ano ngakhale bwana sangamuletse munthu kusintha ntchito, ndiye mkazi amuletse kuthamanga? Miyezi yonse ya lokodauni anaima pa geti kuloza anthu kamfuti koyezera kutentha pamphumi, miyendo yachita dzimbiri.

"Ndikupita, ndipo ndikupita."

"Madzi anyamula okwanira?"

"Aliyense ake. Ine botolo limodzi basi. A Ajibu akuti sanyamula n'komwe, amalemera."

Apa m'maso mwanga munadzaza misozi. M'maganizo ndinaona Fanny akupita kusukulu ndi zala pamtunda, nsapato zake zili phee pansi pa bedi langa ku Doha. A Macfussy anasendera pafupi, nakumbukira lamulo lotalikirana, nabwereranso pang'ono.

"Chikwatiraneni sindinakuoneni mukundilirira," anatero. "Ngakhale tsiku lija ndinkakwera ndege munkangofunsa za makiyi a nyumba."

"Bambo a Fanny..."

"Ayi, ndamva. Khalas, yatha nkhani. Sindipita. Anyamata andiseke, a Ajibu akathamange okha. Ine mawa ndikhala ndi mkazi wanga."

Ndinapukuta m'maso ndi maski.

"Ndiye a Ajibu akawayang'anire ndani?"

"A Ajibu?"

"Inu mukupita. Mukawakhazike kutsogolo, pa windo, inu mukapanikizane kumbuyo. Madzi awo mukanyamule ndinu. Pa phompho mukayende mbali ya kuphomphoko. Akatopa mukawabereke."

"Nanga ine ndikathyoka?"

"Mwanena nokha kuti ambulansi imakwana."

A Macfussy anapita. Anabwera zikhadabo ziwiri za kumapazi zitathothoka, nsapato ya kumanzere itayasama, khosi litasupuka ndi dzuwa, ndipo sabata yonse anaima pa geti atatsamira khoma. Kothamangako anafika omaliza, atasenza mabotolo a anthu awiri. Sanandilankhule mpaka Lachitatu. A Ajibu anakwera ndege opanda ngakhale thuza.