Chitseko chathu chinapita kumanda

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine sinditha kuyankhula pagulu, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, koma izi zandikanika kuzisunga ndekha. Ndimakhala ku Chisenga ndi mwana wanga Lusekelo. Bambo ake anamwalira ndi matenda a korona aja.

Iwo anali mlonda pasukulu ya boma. Sanadwale nthawi yaitali, mpweya unangowathera. Nthawi imeneyo anthu ankaopa kufika pakhomo pathu, choncho chipepeso sichinasonkhedwe ndipo bokosi linasowa. Alamu anga anayang'ana uku ndi uku, kenako anatenga hamala n'kuzula chitseko cha nyumba yathu, chimene malemuwo anakhoma okha. Matabwa atachepa anaphwasulanso bedi. Ine ndinangoyang'ana. Ndikanakana, mwamuna wanga akanapita m'mphasa.

Maliro atatha ndinapachika thumba la feteleza pakhomo. Amene amaidziwa mphepo yochokera kumapiri a Mafinga m'mwezi wa Juni andimvetsa. Inkafika mpaka pansi pomwe tinkagona. Agalu ankalowa kudzanyambita miphika. Lusekelo anayamba kutsokomola, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, ndipo kuchipatala anati ndi chibayo, ndizimufunditsa. Ankachira, n'kuyambiranso. Ndalama za nyemba zomwe ndinkagulitsa zinkathera paulendo wa kuchipatala. Mapemphero anga anafupika mpaka ndinkangoti, "Mulungu, bambo mwatenga, mwanayu mundisiyire." Masiku ena ngakhale zimenezi sindinkanena.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi aakazi ochokera ku Thyolo, omwe ankagwira ntchito pasukulu pomwe panali malemu. Ankafuna nyemba. Ndinawapeza ataima pathumba paja, dzanja lili m'mwamba, akusowa pogogoda.

"Monire, mayi a Lusekelo. Nanga chitseko chili kuti?"

"Chili kumanda, aphunzitsi."

Anakhala pakhonde. Kenako anandiuza kuti wantchito wa boma akamwalira, boma limathandiza pa bokosi, ndipo poti mliri wachepa ndipo maofesi akugwiranso ntchito, tingathe kukafunsa. Ine sindinkadziwa, alamu anganso sankadziwa. Ndinakana kupita. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekezera panjira, ndikamva Chingerezi cha m'maofesi lilime limauma.

"Inu mukangokhala pampando ndi mwanayo," anatero, "zoyankhula mundisiyire."

Tinapita, anatibweza. Tinapitanso, anati tidikire. Ine ndinataya mtima, koma aphunzitsiwo sanatope, mpaka thandizo lija linatuluka Juni wina ali pafupi. Sindinapite nalo kunyumba. Ndinatsikira kwa kalipentala, ndipo iye anabweretsa chitseko panjinga n'kuchikhoma tsiku lake lomwelo. Nditachitseka, m'nyumba munangoti zii, mphepo ikulira kunja. Ndinagwada pansi n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Sindikuti zonse zatha. Tikugonabe pamphasa, ndipo ndikadutsa kumanda ndimakumbukira kuti bambo a Lusekelo agona m'chitseko chawo. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu wogula nyemba kudzaona chimene ine ndinkachita manyazi kunena. Inu amene mukuzunzika mwakachetechete, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atatsala awiri okha.

Chisanu cha chaka chino chadutsa Lusekelo osatsokomola. Masiku ano amatuluka dala panja, n'kumenya chitseko ndi kadzanja kake akufuula kuti "Odi!" Ine ndimasiya zomwe ndikuchita n'kukamutsegulira.