Minibasi ya Prudence

Minibasi yopita ku Mukobeko, komwe kuli ndende, inathera mafuta pa siteji ya Ngungu, kondakitala n'kuthamanga ndi chigubu kukasaka petulo. Pagalasi lakumbuyo panalembedwa kuti PRUDENCE, ndipo bambo wina wachikulire ankaloza mawuwo uku akuyankhula ndi mayi wonyamula chakudya m'basiketi.

"Amayi, mukudziwa tanthauzo la mawu awa?"

"Atate, ine ndikudziwa chabe kuti nthawi yoona akaidi ikutha. Akatseka geti, amuna anga salawa chakudyachi."

"Mawuwa anachokera ku Chilatini. Ansembe anatiphunzitsa ku seminale: providentia, kuoneratu zinthu zisanafike. Kenako anawafupikitsa kukhala prudentia."

"Manje Chilatinicho chiyendetsa galimoto?"

"Ndiye mfundo yangatu imeneyo! Munthu kulemba 'kuoneratu' pagalasi ndi zilembo zikuluzikulu, koma osaona kasingano ka mafuta kali pamphuno pake. Akanayamba wafunsa kaye tanthauzo!"

"Mwina ndi dzina la mwana wake."

"Ndiye zanyanya! Makolo amasiku ano amangotola dzina chifukwa likukoma m'kamwa. Koma ndikukuuzani, Prudence weniweni salakwitsa posankha. Amayang'ana kutsogolo, amaganiza mofatsa, kenako..."

"Atate, chonde, mutu ukundiwawa."

"Simukukhulupirira?"

"Prudence ndine. Bambo anga anali katekisiti, tanthauzolo ankalidziwa bwinobwino. Manje ndiuzeni, ndikanakhala woonera patali, bwenzi ndili padzuwa pano ndi nkhuku yozizira, kupita kukaona mwamuna woba zitsulo za njanji?"