Zikhomo Pansi pa Msuku

Amayi anzanga mu mpingo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikulemba kuti mudziwe mmene Mulungu anandichotsera munga umene sindikanatha kuuonetsa kwa munthu.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Linthipe. Chaka chatha Che Amidu, wamalonda wachisilamu, anapempha ku Boma malo oyandikana ndi munda wathu kuti amangepo sitolo ndi chigayo. Anthu oyeza anabwera nakhoma zikhomo. Ndinapita kukaona. Zikhomozo zinazungulira msuku umene pansi pake panagona mwana wanga woyamba.

Mwanayo anabadwa wakufa. Mukudziwa mwambo wathu: mtayo amakaika amayi okhaokha, salira maliro, ndipo mwamuna salozeredwa malo. Ngakhale bambo a kunyumba sankadziwa. Ine anandilozera mobisa azakhali anga, amene pano anabwerera kwawo kutsidya kwa Apwitikizi. Anandichenjezanso kuti ndikadzatchula pagulu, mwana wotsatira sadzakhala. Ndine Mkatolika, setifiketi ya ku koleji ndili nayo, koma ndikuulula kuti ndinkaopa. Kumbuyo ndinali nditabereka Agnesi, khanda lofooka pachifuwa.

Mesenjala atalengeza pamsika kuti wotsutsa akaonekere ku Boma, ndinapita ku Dedza. Kalaliki anandifunsa chifukwa.

"Phokoso la chigayo lidzasokoneza mwana," ndinatero.

Anaseka. "Aphunzitsi, anzanu akulirira chigayo, manja atha ndi musi. Inu mukufuna azisinjabe kuti khanda lanu ligone?"

Komabe analemba dzina langa, nati asakumbe mpaka tsiku la mlandu. Kumudzi anandida. Pachitsime amayi ankati sukulu yandikweza mapewa. Amuna anga anandifunsa mofatsa, "Amake Agnesi, chavuta n'chiyani kwenikweni?" Ndinangoti mutu ukundipweteka. Chakudya chinkandikanika, mkaka unayamba kuchepa. Pemphero langa linatsala limodzi: Ambuye, pakamwa panga mpotseka, nditumizireni munthu womva popanda kuuzidwa.

Mlandu utayandikira, ndinapita kumsuku kuja masana, ndinaima osadziwa kuti pali munthu. Anali Abiti Yusufu, akazi a Che Amidu, atabwera kudzaona njerwa zimene anyamata ankaumba. Ndinayembekeza mwano. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, ofuna masuku amayang'ana m'mwamba. Inu mukuyang'ana pansi." Anatsitsa mawu. "Alipo?"

Ndinagwedeza mutu, misozi ili chuchuchu.

"Anga awiri ndinawasiya kwathu, m'mbali mwa dambo," anatero. "Pukutani m'maso. Musakafafanize dzina lanu ku Boma."

"Koma simungawauze abambo."

"Ndani wati ndiwauza? Mwamuna sauzidwa malo. Amangouzidwa kuti mkazi wake saponda m'sitolo imeneyo."

Tsiku la mlandu ndinakhala pabenchi, Agnesi ali pamiyendo. Bwana wa ku Boma asanandifunse kanthu, Che Amidu anaimirira napempha kuti zikhomo zisunthidwe, zipite kumtunda kufupi ndi msewu. Atafunsidwa chifukwa, anakanda m'mutu pansi pa chipewa.

"Akazi anga akuti malo aja ndi a chinyontho. Ine ndapondapo, ndi ouma gwa. Koma mayi amenewa ndakhala nawo zaka zambiri, bwana, ndipo ndikufuna kukhala nawobe."

Anthu anaseka, ngakhale womasulira anaseka. Bwana uja anatembenukira kwa ine kufunsa ngati ndikutsutsabe. Ndinayankha ndi mawu omveka kuti ayi, amange, Mulungu awadalitse.

Chigayo chikulira lero kumsewu, ndipo ine ndemwe ndimakagayitsa kumeneko. Mwana wanga sanakumbidwe. Bambo mfumu nditawafotokozera zonse, anandilimbitsa mtima kuti moyo wa Agnesi uli m'manja mwa Mulungu, osati m'kutseka pakamwa kwanga. Madzulo omwewo ndinawauza amuna anga. Analira koyamba maliro a mwana wawo. N'chifukwa chake lero ndikulemba poyera, mopanda mantha.

Ndikuthokoza Ambuye amene ananditumizira mthandizi wochokera m'nyumba imene ndinkaiyesa ya adani, mayi wosapemphera nafe. Inu amene mwasenza chinthu chosatchulika, musabwerere m'mbuyo chifukwa akusekani. Imani pomwepo, pempherani. Pali wina amene anasenzapo katundu yemweyo, ndipo Mulungu akudziwa njira yopita kwawo.