Theka la Bedi

Abusa, mayi busa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, sindinazolowere kuyima kutsogolo. Apongozi anga akhala apo pafupi ndi zenera, ndipo dzulo anandiuza okha kuti, "Mukanene zonse, amake Tadala, musandibise."

Ambiri mukudziwa kuti ndinapita kukagwira ntchito ku mayiko a Aluya. Setifiketi yanga ya zamahotela inangokhala m'sutikesi, ntchito osaoneka. Mbatatesi yathu inapsa ndi chiwawu. Ndiye ndinasiya Tadala atangoleka kuyamwa, m'manja mwa bambo ake ndi agogo ake kuno ku Mayani. Mayi anga anatisiya kale, kunalibenso kwina komusiya.

Wotipezera ntchito anati nyumba tikaipeza. Abale, kunalibe nyumba. Lendi ya chipinda chimodzi kumeneko imaposa malipiro anga onse a mwezi. Mnzanga wina wochapa naye nsalu ku hotela, Mfilipino, ndi amene ananditengera kumene amakhala anthu akwawo.

Nyumbayo inamangidwira banja limodzi, koma anaidula-dula ndi matabwa opyapyala ndi makatani. Kumeneko sulipira chipinda, umalipira bedi. Mabedi ake ndi osanjikiza, lapansi lodula, lapamwamba lotsikirako. Ine ngakhale lapamwambalo sindikanalikwanitsa, ndiye ndinkalipira theka. Theka la bedi, abale. Osati kugona awiri nthawi imodzi ayi. Ine usiku, mnzanga masana.

Mnzanga wa bediyo anali mayi wachikulire, wosamalira nkhalamba yodwala usiku wonse. Onse ankamutchula Ate Luz, ndipo Ate kwawoko ndi ngati kunena kuti achemwali. Tinkakumana mwa apo ndi apo. Ndikaweruka ndinkapeza matiresi akadali ofunda, akununkha mankhwala opaka msana. Ndinkamudziwa ndi fungo limenelo.

Munali lamulo limodzi lalikulu. Bambo amene ankatolera lendi anati m'nyumbamo osajambula, osayimba vidiyo, chifukwa boma la kumeneko sililola anthu ochuluka chonchi m'nyumba imodzi. Zikadziwika, tonse pamsewu. Kwa ine lamulolo linandikomera, pakuti ndinali ndi manyazi. Kuno ndinkatumiza zithunzi nditaima pa maluwa a pahotela. Bambo a Tadala ndinawauza kuti ndili ndi chipinda changa.

Tsiku lina madzulo kunja kunatentha moti foni inkazima yokha. Ndinali nditamusowa mwana. Ndinakwera pabedi, n'kutseka katani, n'kuyimba vidiyo monong'ona. Mphepo ya fani inakankha katani lija. Kumbuyo kwanga kunadutsa bambo wina wopanda malaya, thaulo paphewa, akupita kubafa. Anali mwamuna wa mayi wa kuseri kwa thabwa, dalaivala, munthu amene sindinalankhulepo naye kupitirira moni.

Bambo a Tadala anangofunsa kuti, "Ameneyo ndani m'chipinda chako?" Ndisanayankhe, foni inadulidwa.

Sipanapite nthawi, Tadala anayamba kutupa. Mapazi, masaya, tsitsi kufiira ndi kuthothoka. Mlamu wanga ananditumizira chithunzi mobisa. Ndinaimbira apongozi, ndinati chonde mayi, pitani naye kuchipatala.

Iwo anati, "Amake Tadala, ili ndi tsempho. Mwana watupa chifukwa cha zimene mukuchita kumeneko. Tsempho sapita nalo kuchipatala, jakisoni amamaliza mwana. Ululani, timupezere mankhwala ake."

Amayi muli muno, mukundimva. Ndiulule chiyani? Ndinalumbira, ndinalira, ndinatchula dzina la Mulungu. Koma mawu a munthu amene wagwidwa kale ndi bodza la chipinda amalemera bwanji? Ndinaganiza zongovomera tchimo limene sindinachite, mwina akanandimvera. Koma ndikavomera ndiye kuti ndi tsempho ndithu, chipatala chatsekeka. Ndikakana, akudikira kuti ndiulule. Uku mwana akutupirabe. Kubwerera sindikanatha, pangano la ntchito linali lisanathe, ya ndege ndinalibe. Ndinkapinda nsalu za alendo, foni ikangolira mtima kuti phwii, ndimati basi, ndi uthenga wa maliro.

Tsiku lopuma linafika. Munthu wa theka la bedi, tsiku lopuma alibe pokhala, chifukwa masana bedi si lake. Ndinakhala pamasitepe n'kumalira. Ate Luz anandipeza pomwepo akuchokera kuntchito, maso ali psuu ndi tulo.

Anati, "Malawi," pakuti ndi mmene ankandiitanira, "wamwalira ndani?"

Ndinamufotokozera zonse, ndi za tsempho zomwe. Ndinkayesa aseka. Sanaseke. Anati, "Kwathunso agogo ali ndi zawo. Agogo satsutsidwa ndi pakamwa. Aone okha. Dzuka."

Tinalowa, iye n'kuyamba kugogoda matabwa, kudzutsa aliyense. Atamva kuti akufuna vidiyo, mayi wina anakana. Anati, "Ate, tikathamangitsidwa tikagona kuti? Ine ana anga ali pasukulu chifukwa cha bedi lotchipali." Ndipo sankalakwa, abale. Ate Luz anamuonetsa chithunzi cha Tadala. Mayi uja anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Dikirani ndipese kaye tsitsi."

Ndinaimbira mlamu wanga, ndinamupempha apereke foni kwa apongozi. Ate Luz anandilanda foni n'kuyamba kuyenda nayo, ine pambuyo ndikumasulira. Anaonetsa mabedi osanjikiza, makatani, mapoto pansi pa bedi, nsapato zodzaza pakhomo, mzere wa kubafa. Anaonetsa bedi lathu, n'kudziloza yekha, n'kundiloza ine.

Apongozi anati, "Nonsenu mumagona mmenemo? Nkhumba zanga zili ndi malo kuposa inu."

Ate Luz anatulutsa dalaivala uja, mkazi wake atamugwira mkono. Bambo wa anthu anagwada ngati ali kubwalo la milandu. Apongozi anamuyang'anitsitsa, n'kuti, "Muwauze azivala malaya."

Koma sanatchule za chipatala. Ine mtima unali m'malere. Ndiye anaona zithunzi. Pamwamba pa bedi lililonse panamatidwa chithunzi cha mwana, ena awiri, ena atatu. Anafunsa kuti ana amenewo ndi a yani. Amayi aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense kuloza wake n'kutchula dzina. Ate Luz analoza mnyamata wamkulu, anati anamusiya akukwawa, pano ali ndi ndevu.

"Afunseni," anatero apongozi, "anawo ali ndi ndani?"

Ndinafunsa. Uyu anati ali ndi mayi anga. Uyu anati ali ndi apongozi anga. Winayo chimodzimodzi.

Apongozi anawamvetsera onse. Kenako ndinamva akuti, "Ndiye osunga ana a eni tilipo ambiri." Anatembenuka n'kuitana mwana wawo, bambo a Tadala. "Iwe, siya khasulo. Kapeze njinga yamoto."

Kuchipatala anamugoneka tsiku lomwelo. Anati ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Anamuyamba ndi mkaka, kenako chiponde. Apongozi anagona pansi pa simenti pambali pake mpaka anatuluka. Ndinenenso ichi pamaso panu: sanamumane chakudya mwadala. Chaka chimenecho m'nyumba munali phala lopanda kanthu, ndipo ine ndalama zanga zinkathera pa theka la bedi lija, osawauza.

Wotolera lendi anamva ndithu za vidiyo. Sanatithamangitse, koma ine ndi Ate Luz anatisamutsira bedi la m'njira, pafupi ndi chimbudzi, n'kutikwezera mtengo. Munthu wogona masana, pamalo podutsa aliyense. Ndinamupepesa. Anangoti, "Malawi, usaiwale kutembenuza pilo ukadzuka."

Pangano litatha ndinabwerera. Sindinabwere ndi malata kapena sofa. Bambo a Tadala anandichingamira pa Dedza, anandilandira chikwama osakwanitsa kundiyang'ana kumaso, ndipo tikuphunzirabe kulankhulana. Tadala anandithawa. Ankabisala kuseri kwa agogo ake n'kumanditchula anti. Ndinkalira kuseri kwa nyumba, ndimati Ambuye, mwandisungira mwana koma sakundidziwa. Mpaka pano ndimadzidzimuka n'kumamugwira mapazi kuona ngati sanatupe.

Lachinayi lapitali ndikupalira nyemba, Tadala anagwa n'kudzikanda bondo. Agogo ake anali pafupi kuposa ine. Anawadutsa, akulira kuti, "Amama."

Ndi uyo ali pamiyendo pa agogo akeyo. Tadala, imika dzanja anthu akuone.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimvera pamasitepe paja. Ndikuthokoza apongozi anga, amene anabweza mawu awo chifukwa cha mdzukulu. Ndipo mukamapemphera mumukumbukire Ate Luz. Nthawi ino ali pabedi lija pafupi ndi chimbudzi, akuyesa kugona anthu akudutsa, ndipo sanapezebe wolipira naye theka linalo.

Tsono abale, imirirani mukondwere nane. Amayi, nthungululu ija imene maliro a mwana wanga akanakuletsani kuyimba, iyimbeni lero, mwanayo ali moyo. Amen.