M'chikwama cha aNambewe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, kaya muli ku Karama kapena ku International City kuno ku Dubai, kaya muli kumudzi mukuwerenga izi pafoni ya mwana. Ine ndine Mwale, amene ambiri a inu mumangonditchula kuti Kochi. Ndakhala ndikuzengereza kulemba umboniwu chifukwa mkati mwake muli zoti mundiseke nazo, koma mkazi wanga wandiuza kuti munthu amene Mulungu wamuvuula m'dzenje n'kukhala chete ndi wakuba. Ndiye tamvani za chaka chija cha mliri wa korona, pamene ntchito yanga, viza yanga ndi ya banja langa zinatsala pang'ono kuthera pa masewero amodzi a basiketibolo.

Ndimaphunzitsa timu ya anyamata pa koleji ina yaing'ono kuno ku Dubai. Si koleji yotchuka pa masewero ayi. Anyamata anga ndi a ku India, ku Philippines, ku Egypt, ku Sudan, ana amene makolo awo akufuna adzakhale mainjiniya, osati othamangitsa mpira. Mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala ali pansi pa viza yanga, ndipo viza yangayo ili m'manja mwa koleji. Amene muli kuno mukudziwa tanthauzo lake: ntchito ikatha, nonse mumalongedza.

Masewero atatsegulidwanso pambuyo pa kutsekeredwa m'nyumba kuja, mkulu wa koleji anandiitana. Sanapsatire mawu. Anati ophunzira achepa ndipo koleji ikudula nthambi zosabala. Timu ikathera kumchira kwa ligi ya makoleji, kapena ikachotsedwa chifukwa chosafika pa masewero, basiketibolo itha, ndipo kochi wopanda timu sasungidwa. Wondithandizira anali atamuchotsa kale. Pambali pa mkuluyo panakhala mayi wa mu ofesi ya zachuma, laputopu pamwendo, masiki kumaso, osatsegula pakamwa. Anali aNambewe, Mmalawi mnzanga, amene timapemphera nawo limodzi Lachisanu. Ndinatuluka mtima ukuwira. Ndimati, wakwathu weniweni angokhala duu ngati sakundidziwa? Kuyambira tsikulo ndikakumana nawo pakhonde ndinkangoti "Mwaswera" ndikuyang'ana kumbali.

Sizoni inayamba, ndipo abale, sindinaonepo mpira wovuta ngati umenewo. Basiketibolo ndi masewero okankhana ndi kupumirana, koma pokonzekera ankatiuza kuti anyamata atalikirane, aliyense ndi mpira wake, ukagwa m'manja mwa wina tiupukute ndi mankhwala. Tsiku la masewero holo inkakhala gwaa, popanda wochemerera ndi mmodzi yemwe, moti ndikakalipa mawu anga ankandibwerera ndekha. Ndipo ine ndimakalipa, zimenezo musafunse. Mpira umene ndinakulira nawo pa simenti ya ku Zomba ndi wothamanga: kumupanikiza mdani kuyambira pakhomo pake, kumulanda mpira, kuliyatsa liwiro. Anyamata anga ndi aafupi, choncho liwirolo ndilo linali chida chathu chokha.

Tinapambanako koyambirira, ndipo ndinayamba kuyenda ngati munthu. Kenako matenda analowa m'timu. Woyamba anadwala, wachiwiri, kenako onse anawabindikiritsa. Masewero amodzi sitinapiteko, ndipo a ligi anatichenjeza kuti tikadzajombanso atichotsa. Mnyamata wanga wamtali, yekhayo amene ankafika pa nkhata yoponyeramo mpira osadumpha kwambiri, bambo ake anamuletsa kusewera. Ndinawapempha pafoni mpaka malovu kuuma, koma anandifunsa ngati ndingawabwezere mwana akafa. Ndinangowasiya, chifukwa nanenso ndine kholo.

Otsalawo anachira, koma anabwerera ndi zifuwa zosakhala zawo. Kaputeni wanga Musa, mnyamata wa ku Sudan amene kale ankathamanga masewero onse osapempha madzi, tsopano akathamanga kawiri ankawerama n'kugwira mawondo. Ine ndili pambali, "Yalla, Musa, yalla, tiye!" Iye ankandiyang'ana ndi maso ofiira, n'kuyesanso. Tinkayamba bwino, pakati pa masewero mpweya n'kutithera, adani n'kutidutsa ngati tayima pa siteji ya basi. Tinagonja, tinagonjanso, mpaka ndinasiya kuyang'ana m'mene matimu ayimira.

Kunyumba ndinasanduka chilombo. Chakudya chinkandikanika, Tadala akandifunsa za sukulu ndinkamuyankha za mpira. M'basi ndinkajambula mizere ya masewero pagalasi ndi chala, anthu n'kumandiyang'ana. Tsiku lina mkazi wanga anandipeza ndikuyang'ana masutikesi pamwamba pa wadirobu. Anati, "Bambo a Tadala, mwayamba kale kutilongedza Mulungu asanalankhule?" Zoona zake ndinali nditataya mtima.

Sizoni inafika kumapeto titatsala matimu awiri kumchira, ndipo masewero otsiriza anali a ife awiriwo. Wogonja ndiye wotsiriza. Sabata imeneyo inali ya mayeso, choncho sindinakumane ndi anyamata. Pakati pa sabata ndinadzuka kukhosi kukukanda. Lamulo linali loti aliyense ayezetse asanalowe mu holo, ndiye ndinapita kukayezetsa ndikupemphera njira yonse. Sindinapempherepo choncho chibadwire. Ndimati, Ambuye, chinthu chimodzi chokha, ndikakhale pabenchi Loweruka, zinazo ndikathana nazo ndekha. Uthenga unabwera pafoni: andipeza ndi kachilombo ka korona.

Apa ndiye madzi anafika m'khosi. Malamulo a ligi amati timu singasewere popanda wantchito wa koleji pabenchi. Popanda munthu ameneyo ndiye kuti tajomba kachiwiri. Ndinadzitsekera m'chipinda, mkazi wanga akundisiyira chakudya pakhomo, n'kuyamba kuyimbira aphunzitsi anzanga mmodzimmodzi. Wina anati ali ndi mayi okalamba kunyumba, wina anati akuchonga mayeso, ambiri anangoti "Inshallah, Kochi." Inshallah ndiye kuti Mulungu akalola, koma ya mtundu umenewo mukuidziwa, simuiyembekezera pakhomo.

Lachisanu tinali ndi mapemphero athu a pafoni aja, amene alongo athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu amalowa akunong'ona ali kukhitchini. Atafunsa zopempherera ndinafotokoza, ndipo ndinapempha kuti apemphere ndikayezetsenso zotsatira zisinthe. Mlongo wina amene amalera ana anatsogolera pemphero, koma sanatchule n'komwe za kuyezetsa. Anangoti, "Ambuye, a Kochi agone achire, Inu tumizani munthu." Ndinapsa mtima pansi pa bulangete. Ndimati, mayi awa amva zimene ndapempha?

Mapemphero atangotha foni inalira. Anali aNambewe.

"A Mwale, mwayimbira koleji yonse kusiya ine. Kodi ine si wantchito wa koleji?"

"Mayi, basiketibolo mumaidziwa?"

"Mpira ndi mpira, bambo. Ine kusekondale ndinkasewera ntchemberembaye, ndinali senta, masukulu oyandikana nafe ankandiopa."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinanditsamwitsa. Ntchemberembaye! Mpira woti ukaugwira umayima ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Koma wopempha sasankha. Tinagwirizana kuti iwo akangokhala pabenchi kukwaniritsa lamulo, kachingwe ka foni kukhutu, Musa ayimike foniyo poti ndiziona bwalo, ine ndizilankhula iwo azingobwereza.

Loweruka masana anyamata anafika asanu ndi mmodzi okha, kutanthauza kuti wopumitsa anzake anali mmodzi. Ine ndinakhala pabedi thukuta lili kamukamu, mkazi wanga ndi Tadala atakhala pansi kunja kwa chitseko. Masewero anayamba, ine n'kuyambanso zanga: apanikizeni, thamangani, bwererani! ANambewe ankabwereza theka, theka lina n'kumeza. Chigawo choyamba chisanathe tinali kale m'mbuyo, ndipo ndinaona Musa atagwada pakati pa bwalo akusakasaka mpweya.

Ndipamene ndinamva mawu awo, odekha ngati akuwerenga malipoti a mu ofesi. "A Mwale, ana awa akomoka. Mukungoti thamangani, thamangani, athamange ndi chifuwa cha ndani? Khalas, basi, ndakumvani." Chithunzi chinagwedezeka, ndinaona denga la holo, kenako mdima. Anandiponya m'chikwama chawo cha m'manja osadula foni. Ine, kochi wa mapepala ake, ndinali pakati pa makiyi ndi timapepala ta maswiti.

Ndinakuwa, abale. Ndinawatchula dzina, ndinawachonderera, ndinawaopseza. Palibe anandimva kupatula mkazi wanga, amene anagogoda n'kunena kuti ndisokoneza nyumba yonse. Koma ine ndinkamva zonse, ngakhale mawu ankafika ngati a munthu wolankhulira m'mtsuko. ANambewe anasonkhanitsa anyamata n'kuwauza kuti kuyambira pano palibe wothamanga ndi mpira. Ukaugwira, yima, yang'ana mnzako, ponya. Mpira ulibe mapapo, uthamange ndi iwowo. Adani akautenga, osawathamangitsa, aliyense abwerere pamalo pake pafupi ndi nkhata, manja m'mwamba, adikire.

Musaganize kuti mayiwa anasanduka katswiri. Malamulo sankawadziwa ngakhale pang'ono. Mnyamata wathu akayamba kugunditsa mpira pansi, chimene n'chololedwa, iwo ankakuwa m'Chichewa, "Waponda! Waponda iwe!" ngati ali pa bwalo la ntchemberembaye, mnyamatayo ndi mantha n'kuuponya msanga kwa mnzake. Anakangana ndi woyimbira kuti adani akuyima pafupi kwambiri ndi ana awo, mpaka woyimbirayo anawachenjeza kuti akhale pansi. Nthawi ina ndinawamva akufunsa mnyamata wa pabenchi chifukwa chimene chigoli chimodzi atipatsira mapointi atatu. Ndinagwira kumutu.

Mawu anandithera. Chifuwa chinandigwira moti ndinatsika pabedi n'kugwada, poyamba kuti ndipume, kenako ndinapezeka kuti ndikupemphera. Kunja kwa chitseko mkazi wanga ankayimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa, Tadala akumutsatira. Ndinati, Ambuye, ndatopa. Sizoni yonse ndasenza timuyi ngati ndine ndinalenga mapapo a anawa. Itengeni, ndi banja langa lomwe, muchite zimene mukufuna. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Ndili chogwada choncho khutu langa linayamba kugwira china. Munthu amene wakhala zaka mu holo amadziwa masewero ndi phokoso lokha. Mpira sunkagundanso pansi kawirikawiri. Ndinkamva phaa, phaa, phaa, kuchoka m'manja kupita m'manja, ndi nsapato zambiri zikulira kuuthamangira, ndipo nsapatozo sizinali zathu. Kochi wa timu inayo, amene poyamba anali chete, anayamba kukalipa. Kenako ndinamva mawu a Musa akuitana anzake, mawu athunthu, a munthu amene ali ndi mpweya. Zigoli sindinkazidziwa. Ndinkangomva aNambewe akuti "Eyaa! Eyaa, mwana wanga!" kenako "Mayo ine!" kenako "Eyaa!"

Wezulo yotsiriza inalira, ndipo m'holo yopanda anthu ija munamveka nthungululu. Nthungululu yeniyeni ya kwathu, pakati pa Dubai! Zipi inatseguka, kuwala kunalowa, nkhope yawo n'kudzaza foni, masiki ili pachibwano.

"Kodi mukadalipo, a Mwale? Iii, pepani, ndinakuiwalani. Tapambana. Pang'ono pokha, koma tapambana."

Kumbuyo kwawo anyamata anali atagona chagada pabwalo, akuseka. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Mkazi wanga anamva, ndipo anamenya chitseko ndi manja onse awiri, poti kundikumbatira sakanatha.

Nditachira ndinapita ku ofesi kwawo kukathokoza, ndipo ndinawafunsa chimene anakhalira chete tsiku lija kwa mkulu wa koleji. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mumafuna tichotsedwe tonse awiri? Muja ndinalibe mawu, bambo. Pabenchi ndiye ndinali nawo." Mpaka lero akandiona pakhonde amakuwa, "Waponda!" ndipo anyamata anga, amene sadziwa Chichewa, amawatchula dzina lomwelo.

Koleji inasunga mawu ake. Timu ilipo, viza yanga anaiwonjezera, Tadala akupitiriza sukulu yake, ndipo masutikesi aja akadali pamwamba pa wadirobu akusonkhanitsa fumbi. Mpira wothamanga sindinausiye, anyamata zifuwa zinabwerera, koma masiku ano ndikaona mwana wawerama wagwira mawondo ndimamukhazika pansi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinapempha. Ndikanakhala pabenchi tsiku limenelo ndikanawathamangitsa ana aja mpaka kugonja, chifukwa ndi mpira wokhawo umene mantha anga ankaudziwa. Ndikuthokoza aNambewe, mkazi wanga amene anapemphera kunja kwa chitseko, ndi inu alongo amene mumanong'oneza mapemphero m'makhitchini a eni ake.

Ndiye iwe m'bale wanga amene viza yako yatsala pang'ono kutha, iwe mlongo amene wapemphera koma yankho labwera lokhotakhota, usalongedze msanga. Limbikira, ndipo amene wakuyimbira foni usamufunse kaye ngati malamulo akuwadziwa. Ine ndinapempha kuti Ambuye andiike pabenchi, Iwo anandiika m'chikwama, ndipo banja langa likadali pano. Dzina lawo lilemekezeke. Amen.