A Chikaonda ndi Batani la Ngolo

Mayi Urmila, mayi wathu komanso mwini shopu ino. A Keyur, bwana wathu wamng'ono. Akuluampingo amene mwaperekeza bambo wathuyu. Anzathu a mashopu oyandikana nafe muno mu Area 2. Amayi a ku Msika wa Tsoka amene mwasiya mabenchi anu kuti mukhale nafe. Mayi Efelo ndi ana. Ndi inu eni tsikuli, a Reinford Chikaonda. Moni nonse.

Amene simundidziwa, ndine Evelina, uja mumamupeza pakhomopo akukangana ndi akabaza. Andiuza kuti ndisatalikitse. Wondiuzayo ndi a Chikaonda, munthu amene moni wake wokha umatha bandulo.

Ndiyambe ndi zimene tonse tikuzidziwa koma tikuopa kuzitchula. A Chikaonda sakupuma chifukwa chotopa ayi. Akupuma chifukwa cha maso. Diso lakumanzere linachita chifunga kale, ndipo adokotala anawauza mosabisa kuti lotsalalo alisamale ngati dzira, asiye kulitopetsa ndi foni tsiku lonse. Pakamwa anavomera, koma mumtima sanavomere mpaka lero. Akuopa kuti akangochoka, makasitomala onse a pafoni abalalika, shopu ibwerera m'mbuyo, ife anzawo titsala pamsewu. Ndiye ntchito yanga lero ndi kuwaseka pang'ono, kuwathokoza, kenaka tikambirane za mantha amenewo.

Ine ndinabwera muno ndili mtsikana wongochoka kumene ku Mitundu. Ndinawapeza ali kale pakauntala ya zitenje, tepi pakhosi, sizasi m'thumba la malaya. Sizasi imeneyo sabwereketsa. Ngakhale Mayi Urmila akaifuna, amayamba afotokoza chimene akufuna kudula. Ndipo munthu akalowa m'shopu, a Chikaonda sankathamangira kufunsa chimene akufuna. Ankayamba ndi ana, kenaka odwala, kenaka mvula ya kumudzi. Malemu a Harilal, amuna awo a Mayi Urmila, ankati bambo awa amagulitsa moni, nsalu amangowonjezera pamwamba.

Kenaka chinabwera chaka cha mliri chija. Mukukumbukira mmene msewu uwu unalili. Zii. Tinkakhala tsiku lonse kupukuta fumbi pa nsalu zomwezomwezo. Mayi Urmila anatisonkhanitsa n'kunena kuti sachotsa munthu, koma tipeze njira. A Keyur ndiwo anati ngati anthu sakubwera ku shopu, shopu ipite kwa anthu, ilowe m'mafoni mwawo. Anakonza webusaiti, anatsegula tsamba pa Fesibuku, anagula foni ya shopu. Ndiye poti makasitomala amadziwa a Chikaonda, foniyo anapatsa a Chikaonda, munthu amene moyo wake wonse ankagwira kafoni kamabatani komanga ndi mphira.

Chithunzi chawo choyamba ndani angachiiwale? Anayala chitenje bwinobwino, anaima patali, anadina. Osadziwa kuti kamera yayang'ana kwa iwo. Lilongwe yonse inadzuka n'kuona mphuno za a Chikaonda zitadzaza foni, pansi pake palembedwa kuti zafika zatsopano, mitundu yonse ilipo. Mayi wina wa ku Kawale anafunsa ngati yakumanjayo ili pa mtengo womwewo. Musabise nkhope bambo, chithunzicho tinasunga.

Nkhondo yachiwiri inali ya mtengo. A Keyur ankati chithunzi chilichonse chikhale ndi mtengo wake pansi. A Chikaonda anakanitsitsa, ati mtengo sulembedwa, mtengo umakambidwa. Ndiye munthu akalemba kuti zingati, iwo ankayankha kuti mwadzuka bwanji mayi, nanga kunyumba kwacha bwanji. Pofika pa mvula ya kumudzi, mayiyo wagula kale kwina. Apa a Keyur ndiwo ankanena zoona, ndipo a Chikaonda anagonja ngati munthu wamkulu. Anagwirizana kuti mtengo uzionekeratu, moni uzikhalapo, koma moni ndi yankho zizipita m'meseji imodzi. Amayi a ku Tsoka amene mwayamba kugulitsa pa Watsapu, imvani zimenezo. Munthu wa pafoni ali ndi manyazi ofunsa mtengo kuposa woima pabenchi panu, ndipo sadikira. A Keyur anatiphunzitsanso kuchepetsa kulemera kwa zithunzi, chifukwa tsamba likamazungulirazungulira osatseguka, kasitomala amawerengera bandulo yake n'kuthawa.

Tsopano ndifike pa ngolo. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka.

Pa webusaiti pamakhala batani limene munthu amadina akakonda nsalu. Pa batanipo pamakhala kachithunzi ka kachitsulo kamatayala kaja timakankha m'masitolo akuluakulu a ku City Centre. A Keyur anafuna kuti tsamba lathu lonse likhale m'Chichewa, ndiye anafunsa katswiri wathu wa chilankhulo kuti pamenepa tilembepo chiyani. A Chikaonda anavala magalasi, anayang'anitsitsa kachithunziko, anaona matayala, n'kuweruza mlandu. Ati imeneyi ndi ngolo. Tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: IKANI M'NGOLO.

Anthu ankalowa pa tsambalo ambirimbiri. A Keyur ankawaona pa kompyuta akulowa, kuyang'ana nsalu, kufika pa batani lija, n'kutuluka. Wodina panalibe. Kenaka mafoni anayamba kulira. Bambo wina wa ku Nsundwe anafunsa, mwaulemu wake wonse, ngati ngolo yathuyo imafika kwawoko, ndiponso ng'ombe zikafika zimadya za ndani. Mayi wina wa ku Area 11 anati tisavutike, alonda a pageti sangalole ngolo kulowa. Koma ambiri, tinadzamva pambuyo pake, ankaganiza kuti batanilo ndi la opikula okhaokha, ogula katundu wodzaza ngolo. Munthu wofuna chitenje chimodzi ankaona kuti pamenepo si pake.

Amene anatipulumutsa ndi Mayi Urmila, ali pampando wawo womwe uja wa pakona. Tsiku lina analowa mayi wina, anagwiragwira chitenje, anachiika pamasaya, n'kuuza a Chikaonda kuti ichi mundisungire, ndibwera mwezi ukatha. Mayi Urmila anaitana mwana wawo, a Keyur, n'kunena kuti: "Wamva? Chikhalire pampando uno sindinamvepo munthu akuti ikani m'ngolo. Onse amati ndisungireni." Tsiku lomwelo batani linasintha. Linakhala NDISUNGIRENI. Anthu anayamba kudina ngati akhala akulidikira. Achinyamata amene mukutsegula mabizinesi a pa intaneti, mawu a pa tsamba lanu musakawafune kutali. Mverani zimene kasitomala amanena akaima pamaso panu, mulembe zomwezo.

Koma mawuwo pawokha sakanatithandiza. A Chikaonda anawatenga ngati lumbiro. Munthu akadina, iwo ankanyamuka pampando, kukatsitsa nsaluyo pashelefu, kuipinda, kuiika pansi pa kauntala, kuijambula ili pamenepo, n'kutumiza chithunzi kuti yasungidwa mayi, musade nkhawa. Nsalu ikatha, ankaonetsetsa kuti yachotsedwa pa tsamba nthawi yomweyo, ati kusiya chithunzi cha chinthu chimene mulibe ndi bodza ngati mabodza ena onse. Munthu akachedwa kubwera, sankabwezera nsalu yake pashelefu asanamuimbire. Ndipo ataimba, kawirikawiri ankapeza kuti kuli matenda kapena maliro, n'kusunga nsaluyo mpaka munthuyo atapepukidwa. Mbiri ya shopu ino inayenda choncho, wina kuuza mnzake, mpaka tinayamba kutumiza katundu pa basi ku Karonga ndi ku Nsanje. Palibe amene anachotsedwa ntchito chaka chimene chija.

Panali ulendo umodzi pamene tinapsa. Banja lina linaoda unifomu ya chinkhoswe. Tinajambula nsalu m'kati muno, pansi pa magetsi awa, inaoneka yofiira. Itafika kwa eni ake, padzuwa, inali ya olenji. Mayi a mkwatibwi anaimba foni, mawu awo tinkawamva tonse mpaka kuseri kosungira katundu. A Chikaonda sanatsutse, sananamizire kamera. Ananyamula nsalu yofiira yeniyeni, anakwera minibasi, anakapepesa pamaso. Kuchokera pamenepo nsalu iliyonse timajambulira pakhonde, m'mawa, dzuwa lisanakwiye, munthu ataivala. Munthu wakeyo ndine. Ndaima pakhondepo ngati chidole zaka zonsezi, iwo akundiuza kuti tembenuka, kweza dzanja, usaseke.

Ndi pakhonde pomwepo pamene ndinadziwira. M'mawa wina a Chikaonda ananyamula chitenje, anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti ena asamve: "Evelina, ichi n'cha maruni kapena cha khofi?" Munthu amene ankasiyanitsa mitundu ali tsidya lina la msewu. Ndinawayankha ngati palibe kanthu, koma mtima unandipweteka tsiku lonse. Mpaka pano umandipweteka.

Bambo Chikaonda, zikomo. Zikomo chifukwa simunachite manyazi kuphunzira muli ndi imvi, ife tikukusekani. Zikomo chifukwa munatiphunzitsa kuti kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu, ndipo munthuyo timamutchula kuti inu ngakhale alembe mwamwano. Zikomo chifukwa cha maliro a bambo anga, munabwera ku Mitundu n'kugona panja ndi achimwene anga. Mayi Efelo, zikomo potibwereka amuna anu nthawi yonseyi. Tikudziwa kuti foni ya shopu inkadya nawo patebulo panu, inkapita nawo ku tchalitchi, ndipo munapirira.

Tsopano za mantha anu aja. Pali nkhani imene sitinakuuzeni. Mwezi watha mutagonekedwa kuchipatala chifukwa cha disolo, foni inatsala ndi ine. Ndinkangochita zimene ndakhala ndikuona: moni ndi mtengo pamodzi, chithunzi cha pakhonde, nsalu pansi pa kauntala. Ndiye analemba a Lawford, aja ali ku Joni, amene amagulira mayi awo a ku Chilinde chitenje nthawi ndi nthawi. Ulendo uno anati mayi awo akudwala, akufuna chitenje chofunda m'chipatala. Ndinasankha chofewa, ndinatuma wakabaza, ndinamuuza kuti akapereke m'manja mwa mayiwo ndipo akawafunse mmene akumvera. Mawa lake ndinalembanso kufunsa ngati agona bwino. A Lawford anayankha kuti: "A Chikaonda, anthu ngati inu atha. Ndikadzabwera ndidzakugwirani chanza."

Ndinawauza kuti si a Chikaonda, ndine Evelina, eni akewo ali kuchipatala. Anati sakanadziwa. Anakufunirani kuchira, ndipo sabata yathayi aodanso.

Ndikudziwa kuti zimenezi zikhoza kuwawa pang'ono, kumva kuti shopu inayenda inu kulibe. Koma inayenda mwa njira yanu, bambo. Mnyamata wathu Sadiki akamapakira katundu amapinda nsalu ngati inu. A Keyur, amene kale ankayankha ndi liwu limodzi, masiku ano amafunsa za ana. Makasitomala sabalalika, ndipo ife sititsala pamsewu.

Dzulo tikutseka munandikokera pambali. Munandifunsa ngati Lolemba mungabwere pang'ono, m'mawa wokha, kudzangoona ngati zikuyenda. Sindinakuyankheni, chifukwa pa awiri sindikanatha. Ndikuyankhani pano, pamaso pa akazi anu. Titawafunsa Mayi Efelo mphatso imene tingagule, anati safuna mbuzi, safuna wailesi. Anati akufuna mwamuna amene azithabe kuwaona nkhope, ndiponso kuona mdzukulu amene mwana wawo Mtendere akuyembekezera.

Ndiye Lolemba musabwere, a Chikaonda. Ndikunena ndi chikondi chonse, ndipo ine ndi amene ndidzakusoweni kuposa onse muno. Musabwere. Dzukani mochedwa. Khalani pamthunzi. Kangananiko ndi mayi pa nkhani zopanda pake. Diso limenelo latigwirira ntchito mokwanira, tsopano likagwirire a kwanu.

Mulungu akupatseni mpumulo wabwino ndi masiku ambiri. Anzanga, tiyeni tiimirire tonse. Amayi a ku Tsoka, nthungululu zija musaumire. Tiwaombere m'manja mwamphamvu, kuti ngakhale sakutiona bwino tonse, atimve.